Supercharger pa Hilux yokokera thirela ya kumudzi: ndiike kapena ndisiye?

Che Jafali, Mayfair
Moni nonse pagulu pano, akuluakulu ndi anzanga a pamsewu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ambiri mukuidziwa bakkie yanga, Hilux ya double cab ya 2011, ya petulo ya 4.0 V6, giya ya otomatiki. Yayenda makilomita 286,000 ndipo injini yake sinatsegulidwepo. Mwezi uliwonse ndimanyamuka nayo kamodzi, thirela kumbuyo, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Limbe, nthawi zina n'kupitirira mpaka ku Mangochi. Katundu wake ndi yemweyu mumatipatsa: mafiriji, mabedi, njinga, zigubu za mafuta ophikira.

Dandaulo langa ndi mphamvu. Ndikadzaza katundu, ngakhale kungochoka pa maloboti muno mu Joni imachita kuvutikira. Phiri lija mukangodutsa Louis Trichardt ndimakwera pa 50, mathiraki akundilizira hutala kumbuyo. Kuchoka ku Moatize kukwezeka ku Zóbuè n'chimodzimodzi.

Ndiye pali garaja ina ku East Rand, mwini wake wandionetsa supercharger (chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini) yomwe anaichotsa pa Hilux inzake yomwe inagundidwa. Akuti zonse zilipo, ndipo kuimanga pamodzi ndi kutchuna andilipiritsa R68,000. Akutinso mafuta sasintha chifukwa sindizipondanso kwambiri. Ndalamayo ndili nayo, koma ndi yomwe ndakhala ndikusungira denga la nyumba yanga ku Namwera. Safunsa anadya phula. Ndiike kapena ndisiye?

Chikondi, Kempton Park
Ikani madala, musachedwe. V6 imeneyo pa pepala ndi 175 kW, koma imeneyo ndi mphamvu ya ku Durban, m'mphepete mwa nyanja. Joni ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 17 pa 100 alionse kuno. Ndiye inu mukuyenda ndi 145 kW basi. Supercharger ikungokubwezerani zomwe phiri linakulandani, n'kuwonjezerapo zina. Pa R68,000 ndi mtengo wabwino, yatsopano simungaipeze pamenepo.

Nabanda, Rosettenville
Ine za injini sindizidziwa, koma firiji yanga ili pa ulendo wa mwezi wa mawa. Chonde muzikambirana mokumbukira kuti kumbuyoko kumakhala thukuta la anthu.

Bambo Gondwe, makaniko, Booysens
Achimwene a Jafali, ndaweruka tsopano, ndilole ndilembe motalika pang'ono chifukwa galimoto imeneyo ndimaidziwa, mabuleki ake ndinamanga ndine chaka chatha.

Chikondi sananame pa za mpweya. Injini ndi chinthu chopuma. Mphamvu imachokera pa mpweya womwe yakoka ndi petulo yemwe angapse mu mpweyawo. Supercharger ndi pampu ya mpweya yomwe imakhala pamwamba pa injini, imazunguzidwa ndi lamba kuchokera ku crankshaft, n'kumakankhira mpweya wambiri m'masilinda kuposa womwe injini ikanakoka yokha. Kusiyana kwake ndi turbo n'koti turbo imazunguzidwa ndi utsi wa ku ekizozi, pamene iyi imadya mphamvu ya injini yomweyo kuti izungulire. Ubwino wake, ukangoponda imayankha pompo, sudikira.

Ndipo si zongopeka za m'magaraja ayi. Toyota eniake ku Australia anagulitsapo TRD Hilux mu 2008, injini yomweyi ya 1GR-FE yokhala ndi supercharger ya Eaton, inkatulutsa 225 kW ndi 453 Nm, pamene yanuyo ndi 175 kW ndi 376 Nm. Ku America nako ankaika pa Tacoma. Choncho injiniyi imatha kupirira. Funso langa si loti kodi imagwira ntchito. Funso langa ndi loti kodi ndi ya msewu wanuwo.

Taonani njira yanu. Mumanyamuka pa mamita 1,750. Mukafika ku Beitbridge mwatsika kwambiri, osafika ndi 500 omwe. Mukwera ku Harare pafupifupi 1,500. Kenaka mutsetsereka mpaka ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, komwe sikufika ndi mamita 200, ndipo mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40. Supercharger siidziwa kuti mwatsika. Pulley yake, gudumu lomwe lamba amazunguza, ndi yomweyo, imangochulukitsa mpweya uliwonse womwe yaupeza. Kuno mpweya ndi pafupifupi 0.83 bar, ikachulukitsa ndi 1.4 injini imalandira 1.16. Ku Tete mpweya ndi 1 bar yathunthu, injini ilandira 1.4, ndipo ndi mpweya wotentha kale usanapanikizidwe n'komwe. Munthu wakutchunirani pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, ku East Rand m'mawa kukuzizira, ndi petulo wa 95 wa pa pampu yodalirika, galimoto ilibe katundu. Inu mukukaigwiritsa ntchito kumene zinthu zitatu zonsezi zasintha nthawi imodzi.

Mpweya ukapanikizika n'kutentha kwambiri, petulo amayamba kuphulika yekha pulagi isanamuyatse bwino. Mumamva ngati timiyala tikulira m'chitini. Kulira kumeneko ndiko kumathyola ma ring ndi kuboola pisitoni. V6 yanuyo ili kale ndi compression (kapanikizidwe ka mpweya m'silinda) ya 10 kwa 1, malo osewerera ndi ochepa.

Chikondi, Kempton Park
Koma bambo Gondwe, injini imeneyo ili ndi ma knock sensor. Kompyuta ikamva kugogodako imabweza timing (nthawi yoyatsira pulagi) yokha. Si Datsun ya carburettor iyi. Nanga ku Australia komwe mwatchulako sikutentha? Ndipo mizinda yawo ili m'mphepete mwa nyanja.

Bambo Gondwe, makaniko, Booysens
Wafunsa bwino mwana wanga. Inde imabweza, koma ili ndi malire ake, ndipo ikabweza timing mphamvu ija mwagula ndi R68,000 imatsika, kutentha kwa ku ekizozi n'kukwera. Ndiye pa phiri lomwe mumaifunira kwambiri ndi pomwe imakuthawani. Za ku Australia, imene ija inatchunidwa ndi fakitale, anaiyesa m'malo osiyanasiyana kwa miyezi, ndipo kumeneko pa pampu pali petulo wa 98, yemwe amapirira kugogoda kuposa wa 95. Ya a Jafali itchunidwa ndi munthu mmodzi tsiku limodzi, mwina ndi Unichip kapena kabokosi kena kosinthira zochita za kompyuta ya injini. Unichip ndi chida chabwino, n'chopangidwa konkuno, koma chimachita zomwe wotchunayo wachiuza basi.

Yamikani, Midrand
Ndilankhuleko monga munthu amene ndimayendetsa yokhala nayo tsiku ndi tsiku. Abwana anga ali ndi FJ Cruiser, nayonso ndi 4.0 V6, anaika supercharger yatsopano zaka zinayi zapitazo. Sindinama, galimoto ija imakoma. Ukafuna kupitirira thiraki pa N1 sumachita kuwerengera kawiri. Takokapo boti mpaka ku Vaal Dam kambirimbiri, tapitanso ku Sodwana, sinativutepo ngakhale kamodzi. Anthu asamanene ngati chinthuchi ndi bomba.

Koma pali zomwe ndimaona. Sitithira 93, ndi 95 yekhayekha. Oyilo timasintha msanga kuposa momwe buku limanenera. Lamba wa supercharger wina amakhala m'galimoto nthawi zonse. Ndipo pomwe ankaika, galimoto inali isanafike ndi 60,000 yomwe. Abwana akafuna kupita ku Mozambique amatenga ina ya dizilo, iyi amaisiya.

Che Jafali, Mayfair
Zikomo a Yamikani. Nanga mafuta? Zoti sasintha zija n'zoona?

Yamikani, Midrand
Ukamayenda wopanda katundu pa 110, phazi lili phee, kusiyana n'kochepa, chifukwa ili ndi kavalavu kena komwe kamalambalalitsa mpweya ngati sukuponda. Koma ukangomangirira boti kumbuyo, valavu ija imatseka ndipo singano ya mafuta umachita kuiona ikutsika. Mphamvu yowonjezera imachokera m'thanki, kulibe kwina. Inuyo mumakoka ulendo wonse, ndiye muzikhala mu boost, pomwe supercharger ikukankha mpweya, nthawi yaitali kuposa ife.

Amalume Mbewe, Turffontein
Jafali mphwanga, ine ndinayamba kunyamula katundu wa kumudzi iwe usanabwere kuno. Ndikuuze zomwe zinandichitikira, uzitenge kapena uzisiye.

Ndinali ndi Hilux ya 2.7 ya petulo. Inali yaulesi pa phiri koma inkafika. Mnzanga wina anandinyengerera kuti tiikepo turbo, si supercharger koma nkhani yake ndi imodzimodzi, kukankhira mpweya mu injini yomwe sinabadwe nazo. Garaja sinditchula, anagwira ntchito yomwe ndinawatuma. Maulendo awiri oyamba ndinkaimba nyimbo m'njira. Ulendo wachitatu unali wa mu November. Petulo wa ku Musina anatithera, tinathira ku Harare, kenaka cha ku Changara tinagula wa m'zigubu chifukwa pampu inali youma. Titayenda pang'ono ndinamva timiyala tija akunena a Gondwe. Ndinati ndifike kaye ku Tete. Sindinafike. Utsi woyera kumbuyo, injini yanoka, dzuwa lili pamutu, mthunzi wake wa mlambe wopanda masamba.

Tinagona pamenepo masiku atatu. Mnyamata wanga ankagona pansi pa thirela kulondera katundu. Munali zipangizo za chinkhoswe cha mwana wa mayi wina wa ku Bangwe, tsiku linali litakonzedwa kale. Foni inkalira mpaka ndinkaopa kuiyang'ana. Pamapeto ndinalipira lole ya matani atatu kudzatenga katundu, ina kudzakoka bakkie mpaka ku Mwanza. Makaniko wa ku Blantyre atatsegula anapeza mapisitoni awiri atanyenyeka m'mbali. Ndalama ya injini ndinaiiwala patapita chaka. Chomwe sindinachipezenso ndi makasitomala a ku Bangwe aja, mpaka lero amatumiza ndi ena.

Pa msewu wathuwu galimoto yabwino ndi yomwe makaniko wa ku Mutoko kapena wa ku Moatize akatsegula boneti amaizindikira.

Nabanda, Rosettenville
Amalume, nkhani ya chinkhoswe ija ndinaimva nthawi imeneyo, sindinkadziwa kuti munali inu. Pepani ndithu.

Chikondi, Kempton Park
Pepani amalume, koma turbo ya pa 2.7 yosonkhanitsa zidutswa ndi yosiyana ndi kit yopangidwira injini imeneyo. Tisasakanize. Komanso cholakwa pamenepo chinali petulo wa m'zigubu, akanaononga ngakhale galimoto wamba.

Amalume Mbewe, Turffontein
Petulo yemweyo anathiranso mnzanga amene tinali naye pa ulendo, Nissan Hardbody yake yosasinthidwa kalikonse. Inkatsokomola koma inafika ku Lilongwe. Ndipo iwe ukuganiza kuti wa m'zigubu timagula chifukwa chomukonda? Thanki ya Hilux ndi malita 80. Ndi thirela yodzaza, Jafali akayenda makilomita 400 ndiye kuti wachita mwayi. Ulendo wa ku Blantyre umapitirira 1,700. Petulo wa 95 wa ku Musina amathera m'Zimbabwe momwemo. Kuchokera apo umathira chomwe wapeza. Kwathu komwe, paja anthu agona pa mizere ya mafuta kangati zaka zapitazi?

Bambo Gondwe, makaniko, Booysens
Ndionjezere pa za petulo, chifukwa pali chinthu china chomwe anthu sachiganizira. Wa ku Zimbabwe amasakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje, ndipo mlingo wake umasinthasintha malinga ndi nyengo, nthawi zina mpaka 20 pa 100. Kwathunso timasakaniza, ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol payekha si mdani, amathandizanso kuchepetsa kugogoda kuja. Vuto lake n'loti kuti apse bwino pamafunika wochulukirapo, ndiye ma injector (opopera mafuta mu injini) ndi pampu ya m'thanki ziyenera kutumiza mafuta ambiri. Pa injini wamba mpata ulipo, kompyuta imakonza yokha. Pa injini ya supercharger ma injector amakhala ali kale pafupi ndi mapeto ake ukaponda mpaka pansi. Mafuta akachepa pang'ono pokha mu boost, kutentha m'silinda kumakwera msangamsanga. A Jafali, mwamufunsa mwini garajayo ngati kit imeneyo ikubwera ndi ma injector akuluko? Nanga pampu yanu ya petulo, yomwe yayenda 286,000, akuisintha? Nanga kapampu ka madzi ka intercooler (choziziritsira mpweya wopanikizidwa) n'kamoyo? Chinthu chochotsedwa pa galimoto ya ngozi chimafunika kuchizunguza ndi dzanja, kumvetsera ma bearing, kuyang'ana ngati ma rotor sanakandike. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Che Jafali, Mayfair
Kunena zoona sindinafunse chilichonse mwa zimenezi. Ndinangoona chitsulo chonyezimira pa benchi, iye n'kundionetsa vidiyo ya galimoto ina pa dyno.

Tadala, Randburg
Moni a Jafali. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya za inshulansi, ndiye ndinene mbali yanga yokha. Mukasintha injini motero muyenera kuwauza a inshulansi musanatuluke nayo pa msewu. Ena amavomera n'kukweza ndalama ya pamwezi, ena amakana. Mukabisa, tsiku la ngozi wodzayesa galimoto akangotsegula boneti n'kuona chomwe sichili pa mapepala, ali ndi chifukwa choti akane kulipira. Ndaonapo anthu akulira pa desiki yanga chifukwa cha zinthu zazing'ono kuposa iyi. Onaninso ngati pepala lanu likunena kuti galimoto ndi ya bizinesi komanso kuti imatuluka kunja kwa dziko, chifukwa ambiri a ife timalembetsa ngati yongoyendera kuntchito.

Funso lina, thirela yanuyo imalemera bwanji ikadzaza, ndipo laisensi yanu ndi ya code yanji?

Che Jafali, Mayfair
Achemwali, laisensi ndi Code 10. Thirela ndi ya ma axle awiri, pa kachitsulo kake analemba 1,500 kg. Kulemera kwake ikadzaza sindinayezepo, ndimangoona matayala ndi masipuring'i.

Tadala, Randburg
Pamenepo pokha pali nkhani. Code 10, yomwe pa khadi amalemba C1, imakulolani kukoka thirela yosapitirira 750 kg, chimodzimodzi ndi code B. Ya 1,500 kg imafuna EB, kapena EC1 ngati galimoto yokokayo ndi yaikulu. Anthu ambiri amaganiza kuti Code 10 imakwirira zonse za pansi pake, koma pa thirela ayi. Ine ndikanakhala inu, ndalama yoyamba ikanapita kumeneko.

A Phiri, Germiston
Bwanji osangogulitsa V6 imeneyo n'kugula ya dizilo? R68,000 kuphatikiza ndi mtengo wa galimoto yanuyo mupeza 3.0 D-4D yabwinobwino. Ili ndi turbo yochokera ku fakitale, 343 Nm imabwera injini isanakwere n'komwe, ndipo turbo siitaya mphamvu yambiri kuno kumtunda. Mafuta mudzapulumutsa ulendo uliwonse. Onse okoka katundu ali pa dizilo pa chifukwa.

Che Jafali, Mayfair
A Phiri, ndinali nayo D-4D ndisanagule iyi. Ma injector anandidyera ndalama kawiri, dizilo wa m'njiramu simumudziwa. Ndipo yogula kwa munthu pa mtengo umenewo imakhala yayenda 300,000 kapena kuposa, mbiri yake osaidziwa. V6 iyi imamwa, inde, koma zaka zisanu ndi chimodzi sinandigonekepo pa msewu. N'chifukwa chake ndimafuna kuiwonjezera mphamvu m'malo moitaya.

Amalume Mbewe, Turffontein
Wadziyankha wekha pamenepo mphwanga. Werenganso chiganizo chako chachinayi.

A Phiri, Germiston
Za ma injector ndikuvomera, pamafunika fyuluta yachiwiri ya dizilo ndi kusamala pothira. Koma masamu a mafuta musawathawe. Muwerengere malita a chaka chonse, maulendo 12 kupita ndi kubwera.

Bambo Gondwe, makaniko, Booysens
Pali chinthu chikundivutitsa kuyambira pomwe ndinawerenga uthenga woyamba. V6 ya 4.0, ngakhale kuno kumtunda, siyenera kukwera phiri la Louis Trichardt pa 50 ndi thirela ya 1,500 kg. Ndayendamo m'galimoto zimenezi. Ndiye pali ziwiri: mwina katundu ndi wolemera kuposa momwe mukuganizira, kapena injini yataya mphamvu yake yomwe inali nayo. Mwinanso zonse ziwiri. Pa 286,000 catalytic converter, yoyeretsa utsi mu ekizozi, imatha kutsekeka pang'onopang'ono mwini wake osazindikira, chifukwa tsiku lililonse imangochepa pang'ono. Sensa ya mpweya ija ili pafupi ndi fyuluta imadetsedwa ndi fumbi la ku Tete. Mapulagi munasintha liti? Mukaika supercharger pa injini yomwe ekizozi yake yatsekeka, mukukankhira mpweya m'nyumba yopanda khomo lotulukira.

Ndipo tisaiwale giyabokosi. Otomatiki ikamakoka katundu pa phiri oyilo wake amatentha, ndipo amaziziritsidwa ndi rediyeta yomweyo ya injini. Muwonjezere mphamvu, mwawonjezera moto m'malo onse awiri. Mabuleki nawo sakula chifukwa choti injini yakula. Phiri lomwe mukufuna kulikwera mothamanga lili ndi mbali inayo, kutsetsereka kuja kwa ku matanelo kupita ku Musina, katundu yense akukukankhani kumbuyo.

Chitani izi musanapereke ndalama kwa aliyense. Mukadzaza katundu wa ulendo uno, pitani pa sikelo, ma scrapyard ambiri ali nayo ndipo salipiritsa zambiri. Muyeze bakkie payokha, thirela payokha. Kenaka mubwere nayo kuno Loweruka m'mawa tiyeze compression masilinda onse 6. Sindikulipiritsani kuyezako.

Chikondi, Kempton Park
Apa ndiye ndagwirizana nanu bambo Gondwe. Ngati compression ili bwino ndipo injini ikupuma bwino, nkhani ya supercharger tidzaiyambirenso. Ine ndikukhulupirirabe kuti ndi pulley yaikulu, boost yochepa, n'kutchuna mosamala poganizira petulo woipa, ingathe kuyenda msewu umenewo.

Bambo Gondwe, makaniko, Booysens
Ingathe, sindikana. Koma ukaitchuna motero, mphamvu yotsalayo ndi yochepa moti uyenera kudzifunsa ngati ikufanana ndi denga la nyumba.

Mayi Jafali, Mayfair
Moni nonse. Ndalowa pa foni yanga chifukwa bambo a kunyumba kuno anandionetsa zokambiranazi. Mabuku a bizinesiyi ndimalemba ndine. Makasitomala salipira chifukwa choti tafika msanga ndi maola awiri, mtengo wa firiji ndi womwewo. Ndipo maola omwe timataya ambiri si a pa phiri, ndi a pa Beitbridge ndi pa Mwanza podikira mapepala. Ulendo wathawu anakhala pa boda tsiku lathunthu. Sindikuletsa, galimoto ndi yawo ndipo amene amavutika nayo pa msewu ndi iwo, ine ndimangomva pa foni. Koma mvula ikubwera ndipo nyumba ya ku Namwera ili pa mtanda wa zenera chaka chachiwiri tsopano. A Gondwe, zikomo, Loweruka abwera.

Nabanda, Rosettenville
Mayi mwalankhula.

Yamikani, Midrand
Chikondi, ngati a Jafali aisiya, iwe amene uli ndi V6 yongoyendera muno bwanji osakaiona? Kwa iwe 95 ali pa ngodya iliyonse ndipo sukoka kanthu. Kungoti upite ndi munthu wodziwa, ndipo ufunse mapepala a galimoto yomwe anaichotsapo.

Chikondi, Kempton Park
Ndakhala ndikuziganizira kuyambira dzulo. Yanga ili pa 140,000, ndi ya manual. Kalachi ndiye ndikudziwa kuti idzafuna ina.

Che Jafali, Mayfair
Abale, ndabwera ndi zotsatira monga ndinalonjezera. Lachisanu ndinapita pa sikelo. Thirela yokha inalemera 2,140 kg, pamene malire ake ndi 1,500. Bakkie nayo kumbuyo inali yodzaza mpaka pamwamba pa kanopi. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi ndikuyang'ana kapepalako. Zaka zonsezi ndakhala ndikutsika phiri lija ndi katundu wotere, mnyamata wa mchemwali wanga atakhala pambali panga.

Dzulo tinali kwa a Gondwe kuyambira 7 koloko. Compression masilinda asanu ali pafupipafupi, limodzi la kumbuyo latsikirapo koma akuti likadali m'malire. Mapulagi anali otheratu. Sensa ya mpweya inali ndi fumbi lofiira. Catalytic converter ya mbali imodzi atayichotsa n'kuunika ndi tochi, kuwala sikumadutsa bwino, m'kati mwasungunuka. Rediyeta kunsi kwake zipsepse zadzaza udzu ndi tizilombo.

Mwini garaja wa ku East Rand ndamuimbira kuti pakadali pano ayi. Ndinamufunsanso za ma injector zija, akuti kit ilibe, amati tigwiritsa ntchito anga omwewa.

Bambo Gondwe, makaniko, Booysens
Silinda ya nambala 6 ija ndi yomwe ikanayamba kugonja mu boost. Popanda supercharger ingayende zaka zina, tizingoiyang'anira. Lolemba ndiitanitsa converter, ndipo ndikufuna timange kooziziritsira oyilo wa giyabokosi kapadera kutsogolo kwa rediyeta, ndi geji yake m'kati kuti muziona kutentha mukamakwera Zóbuè. Mabuleki a thirela nawonso abwere tiwaone, ndodo ija yokankha ndinaona yachita dzimbiri. Zonse pamodzi sizifika ndi theka la ndalama ija.

A Phiri, Germiston
Za dizilo ndidzakukumbutsaninso chaka chamawa. Koma 640 kg yowonjezerayo muitani? Katundu mwalandira kale.

Che Jafali, Mayfair
Ndalankhula ndi amalume a Mbewe, anyamuka Lachitatu sabata yamawa ndipo ali ndi malo. Zigubu za mafuta ophikira ndi matumba a simenti ya matailosi zipita ndi iwo, eni ake ndawaimbira onse ndipo avomera kupatula mmodzi yemwe sakuyankha foni. Achemwali a Tadala, ndikufuna mundithandize kuona pepala langa la inshulansi, ndikutumizirani kumbali. Za EB ndakafunsa kale ku sukulu yoyendetsa galimoto, ulendo uno ayendetsa mlamu wanga amene ali ndi EC1.

Nabanda, Rosettenville
Nanga firiji yanga ili mbali iti, kwa inu kapena kwa amalume?

Che Jafali, Mayfair
Ili kwa ine mayi, pa bakkie penipeni, yoimirira ndipo ndaikulunga ndi mabulangete awiri. Auzeni a ku Chirimba kuti tikawoloka pa Mwanza ndiwaimbira, akhale ndi anyamata awiri otsitsa.